CILEZI CA NTHAWI YAITALI: CIFUKWA NINJI AMAI AMBIRI ASANKHABE NYELETI?

M'zipatala za Boma ku Petauke ndi ku Nyimba thandizo la cilezi ndi laulere, koma amai ambiri amene afika pa tsiku la cilezi apempha nyeleti ya miyezi 3, osati kaphaipi ka pa mkono kapena lupu. Kaphaipi ka Implanon kagwira nchito zaka 3, ka Jadelle zaka 5, ndipo lupu ya kopa ifika zaka 10.

Kufufuza kwa Boma kwa m'caka ca 2018 kunapeza kuti mwa akazi okwatiwa 100 alionse m'Zambia, 48 anali kugwiritsa nchito njira zamakono: 26 nyeleti, 8 kaphaipi, ndipo lupu mmodzi yekha. Pa msonkhano wa ku London mu 2012, dziko lino linalonjeza kufika pa 58 pomafika 2020.

Cifukwa coyamba ndi anchito. Nyeleti aibaya ngakhale othandiza a m'mudzi, koma kaphaipi ndi lupu zifuna namwino wophunzitsidwa kuika ndi kucotsa komwe. Mai wa m'cigwa ca Luangwa, kwa Mfumu Luembe kapena Nyalugwe, akayenda mtunda wautali napeza namwinoyo palibe, abwerera ndi nyeleti. Aopanso kuti tsiku lofuna mwana wina adzasowa womcotsa.

Caciwiri ndi msambo. Kaphaipi kasintha masiku a mai, ndipo ena ataya magazi mosalekeza kwa kanthawi. Amene sanauzidwe zimenezi poyamba acita mantha, ndipo mbiri yace ifala pa citsime kuti kaphaipi kaumitsa mimba. Coona ncakuti akakacotsa, mai atha kutenganso pathupi msanga kuposa wa nyeleti.

Cacitatu ndi abambo. Nyeleti siioneka, pamene kaphaipi kamveka pa mkono. Motero mai amene mwamuna wace akana cilezi asankha cobisika.

Kutsekedwa kwa bungwe la USAID mu 2025, limene linali kuthandiza kugula mankhwala a cilezi, kwaonjezera katundu pa Unduna wa Zaumoyo. Pa nthawi yotere njira yokhalitsa ndiyo iteteza banja ngakhale mankhwala atacedwa kufika. Koma amai adzaikhulupirira pokhapo cipatala ciriconse cikhale ndi namwino wodziwa kucotsa, uphungu woona usanaikidwe, ndiponso mafumu ndi anyakwawa aitane abambo ku nkhani imeneyi.