Amene sali pa chithunzi cha mapointi ali kuti?

MANEB ikangotulutsa zotsatira za mayeso a Fomu 4, sukulu za atsikana zoyima pazokha sizigona. Kukamacha zithunzi zili kale pa Facebook: uyu mapointi 8, uyu 11, onse akhoza. Kunyadira ana okhoza si mlandu. Koma eni sukulu atiyankhe: mwa atsikana amene analowa Fomu 1 zaka zinayi zapitazo, ndi angati afika pa chithunzicho? Otsalawo anapita kuti, ndipo anawachotsa ndani?

Sitikufunsa chifukwa chodana nazo sukuluzi. Mbiri ya maphunziro a atsikana m'dziko muno singakambidwe popanda sukulu zimene mipingo inamanga: Marymount ku Mzuzu, Providence ku Mulanje, Stella Maris ku Blantyre, St Michael's ku Malindi, Ludzi ku Mchinji. Zina mwa sukulu za mishoni zimathandizidwa ndi boma, zina zimadziyendetsa zokha, ndipo pambuyo pake panabwera za anthu wamba zambirimbiri. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anasefukira m'makalasi, koma malo a ku sekondale sanakule mofanana. Ambiri osankhidwa amapita ku ma CDSS, sekondale zoyendera. Mtsikana wa kumudzi amadzuka mbandakucha, kutunga madzi, kusesa, kenako ulendo wautali wapansi. Wotopa ndi mtunda amachita lendi kachipinda pa tauni yaing'ono, kudziphikira yekha, njala ikavuta n'kugwa m'manja mwa wakabaza kapena wagolosale. Kholo limene lagulitsa fodya kapena soya kuti mwana akagonere pasukulu likudziwa chimene likugula: bedi pafupi ndi kalasi, magetsi owerengera usiku, ndi mpanda. Sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19, tonse tinaona atsikana zikwizikwi akutenga mimba ndi kulowa m'mabanja m'miyezi yochepa chabe. Mpanda uli ndi ntchito yake.

Nanga mpandawo ukalephera, chimachitika n'chiyani?

Khomo loyamba lotulukira ndi mimba. M'sukulu zina zogonera, teremu ikamayamba atsikana amaima pamzere kukayezedwa mimba. Ndani anapempha chilolezo cha mwanayo? Amauzidwa zotsatira ali yekha, kapena anzake amadziwira pa chikwama chimene chatulutsidwa mu hostel usiku womwewo? Dziko lino lili ndi lamulo la unduna wa zamaphunziro kuyambira 1993 loti mtsikana woyembekezera aime kaye, akabereka abwerere kusukulu. Kodi lamuloli limathera pa geti ya sukulu ya fizi? Ndi sukulu zingati zoyima pazokha zimene zingatisonyeze mtsikana mmodzi yekha amene anabwerera pa desiki yake atabereka? Timamva kuti angaononge anzake, angaipitse dzina la sukulu. Dzina la sukulu n'lofunika kuposa mwana amene makolo ake akhala akulipira materemu asanu ndi atatu? Ndipo popeza malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, mtsikana wa Fomu 2 akapezeka ndi pakati, ahedi amathamangira kulemba kalata yomuchotsa, kapena amayamba afunsa kuti wachita izi ndani ndi kukanena kupolisi? Mafumu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anathetsa maukwati a ana ndi kuwabwezera kusukulu. Zingakhale zamanyazi kuti mfumu ikoke mwana kumuchotsa kubanja, sukulu ya ophunzira bwino n'kumutsekera chitseko.

Khomo lachiwiri lotulukira ndi fizi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chimanga, nyemba, nkhuni ndi malipiro a aphunzitsi zinakwera, ndipo sitinganene kuti sukulu zisakweze fizi. Koma kalata yokweza ibwere sabata ziwiri sukulu isanatsegulidwe? Komiti ya makolo ndi aphunzitsi inaonako mabuku a ndalama, kapena imangoitanidwa kudzaomba m'manja? Mwana wa zaka 14 akamatchulidwa dzina pa asembule kuti alongedze akatenge balansi, n'kukwezedwa minibasi yekha, akachita ngozi panjira mlandu ndi wa yani? Ngongole ndi ya kholo. Manyazi asenze mwana chifukwa chiyani?

Khomo lachitatu ndi limene salitchula mokweza. Mwana amene sakukhoza bwino mu Fomu 3 amauzidwa kuti abwereze, kapena makolo amalangizidwa mwaulemu kuti amupezere malo ena, kapena akalembetse mayeso kwina ngati wapadera. Akatero sukulu imatsala ndi okhoza okhaokha, n'kulengeza 100 peresenti. Kumeneko n'kupeta mpunga, mankhusu kutaya, kenako n'kudzitama kuti munda unabereka woyera kale. Sukulu imene inasankha kale ana pa mayeso olowera, n'kuwasefanso pakati panjira, yaphunzitsa chiyani chimene mwanayo sanabwere nacho? Mphunzitsi wa pa CDSS amene wakokera mwana wopanda buku mpaka mapointi 24 sanagwire ntchito yoposa?

Tsono za amene atsala m'kati. Makolo pa tsiku lokaona ana amafunsa magiredi, n'kusiya chiwaya cha nkhuku ndi sopo. Ndi angati amapempha kuona zimbudzi? Madzi akasiya pampopi, mtsikana amene ali kumwezi amasamba kuti, ndipo zotayira zilipo? Nyemba zofumbwa zija, zimene akuluakulu amazikumbuka moseka ngati mbali ya moyo wa kusukulu, zikugwirizana ndi ndalama zimene zalipidwa? Mu hostel muli makomo angati otulukira moto utabuka usiku, ndipo kiyi amakhala ndi ndani? Matroni anaphunzira za kasamalidwe ka ana, kapena ndi mbale wa mwini sukulu amene ankasowa chochita? 

Chachikulu ndi ichi. Mafoni ndi oletsedwa, makalata amadzera ku ofesi, geti ili ndi mlonda. Zonsezi zimatsekereza anyamata a kunja. Nanga wovutitsa mwana akakhala wa m'kati, mphunzitsi wamwamuna amene amamuitanira ku ofesi nthawi ya prep, mwanayo akauze ndani? Ahedi, amene akuopa kuti nkhani ikamveka makolo achotsa ana? Mphunzitsi wotere akachotsedwa mwakachetechete, n'chiyani chimamuletsa kukalembedwa ntchito pa sukulu ina ya atsikana m'boma loyandikana?

Mafunso amenewa ali ndi eni ake. Unduna wa zamaphunziro ndiwo umalembetsa sukulu zoyima pazokha ndi kuziyendera, ndipo uli ndi mphamvu zotseka zosayenera. Oyendera sukulu akafika, amathera mu ofesi ya ahedi kapena amalowa kukhitchini ndi kukhala pansi ndi atsikana popanda mphunzitsi pafupi? Bungwe la ISAMA limalankhulira eni sukulu pa nkhani za misonkho ndi mayeso. Lingalephere kugwirizana ndi mamembala ake kuti mtsikana wobereka azilandiridwanso? Ndipo popeza sukulu iliyonse ili ndi kaundula wa ana olowa Fomu 1, chingavute n'chiyani kuti unduna ulamule kuti pambali pa chiwerengero cha okhoza pazilembedwanso cha amene anayamba, amene anachoka, ndi zifukwa zake? Sukulu imene ikukhulupirira ntchito yake iyambe yokha chaka chino, isanalamulidwe.