Mphunzitsi wa ku Nkhoma ndi Mnyamata Wace Nthondo

Ife amene tinaphunzira pa sukulu za misyoni tikumbukira kuti buku la nthano m'cinenero cathu linali cuma cosowa. Likapezeka limodzi, linali kuyenda m'manja mwa ana onse kufikira cikuto cace citathothoka. Limodzi mwa mabuku otere linali Nthondo, lolembedwa ndi a Samuel Josia Ntara.

A Ntara anabadwa m'caka ca 1905 ku Nyasaland, dziko limene lero ticha Malawi, ndipo anagwira nchito ya uphunzitsi pansi pa misyoni ya Dutch Reformed ya ku Nkhoma. Inde, sanali a Mpingo wathu. Akulu ena a ku Minga, amene akumbukira masiku aja pamene Akatolika ndi a Dachi a ku Nyanje sanali kukhala pa mphasa imodzi, mwina adzakweza zikope poona dzina lao m'magazini ino. Tiwapempha aleze mtima.

M'caka ca 1933 nkhani ya Nthondo inapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero ndi miyambo ya mu Afirika. M'caka cotsatira, a Thomas Cullen Young anaitembenuzira m'Cingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa, ndipo a Julian Huxley analemba mau oyamba. Pambuyo pace a Ntara analembanso Mbiri ya Acewa ndi Msyamboza. Anamwalira mu 1976.

Koma ife ana sitinali kudziwa za London. Cimene cinatigwira mtima cinali Nthondo mwini wace: mnyamata wosamva, wakuba, amene anacoka pamudzi kukafuna nchito kutali monga anacitira amalume athu opita ku Halale, nabwerako, nalowa ufumu, natembenuka mtima pomaliza. Mphunzitsi ameneyu anawadziwa ana. Anazindikira kuti mwana amatsatira munthu wolakwa ndi cidwi coposa cimene amatsatira naco munthu wangwiro, ndipo sanafulumire kumuyeretsa Nthondo. Kutembenuka kwace kunadza mocedwa, titatopa naye kale, ndipo n'cifukwa cace tinakukhulupirira. Ife akatekisiti timalephera kawirikawiri pomwepa, pakuti timathamangira phunziro nkhani isanapse.

Sabata yatha, pa kalasi ya ana okonzekera Ukaristia woyamba, tinafunsa ngati alipo amene anawerengapo buku la nthano la Cinyanja kuyambira paciyambi kufikira pamapeto. Panalibe dzanja lokwera. Ana a kuno ku Petauke ndi ku Nyimba alankhula Cinsenga kunyumba, akumana ndi Cinyanja ku sukulu ndi m'chalichi, koma ambiri acidziwa monga cinenero ca mayeso ndi ca mapemphero cabe.

Tsono tapempha bungwe la parishi kuti litipatse kabati imodzi m'holo, ndipo tipempha inu makolo ndi aphunzitsi opuma pa nchito kuti mufufuze m'masutukesi mwanu. Buku lodyedwa ndi ciswe m'mphepete tidzalilandira ndithu. Muwapereke kwa akatekisiti a kwanu Misa ya pa Sabata itatha.