Psoriasis sapatsirana, nanga bwanji manyazi timawasiyira wodwala yekha?

Pali malangizo amene munthu wodwala matenda a pakhungu amapatsidwa mwaulere, kaya wafunsa kaya sanafunse. "Uzidzikonda." "Usamalabadire zonena anthu." "Chachikulu ndi mtima." Mawu amenewa amachokera kwa anthu ofunira mnzawo zabwino, ndipo sindikuwanyoza ayi. Koma ine ndakhala ndi matenda a psoriasis kuyambira ndili ndi zaka 14, ndipo maganizo anga ndi akuti malangizowa amasenzetsa katundu munthu wolakwika. Manyazi a wachinyamata amene khungu lake latuwa ndi mamba samera okha m'mutu mwake. Amabzalidwa ndi anthu omuzungulira, ndipo mbewu yake ndi kusadziwa. Tikafuna kuthandiza mwana wotere, tiyambire kwa obzalawo.

Poyamba ndifotokoze matendawa, chifukwa ambiri mwa inu mwina dzinali mwalimva lero. Khungu la munthu limadzikonza lokha nthawi zonse. Maselo atsopano amapangidwa pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pamwamba ndi kuthothoka, ndipo ulendo umenewu umatenga pafupifupi mwezi. Kwa munthu wa psoriasis, chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumafulumizitsa ntchitoyi, kotero kuti ulendo wa mwezi umatha m'masiku ochepa chabe. Maselowo amaunjikana, n'kupanga zigamba zokhuthala zokhala ndi mamba otuwa. Zigambazi zimakonda m'zigongono, m'maondo, m'mutu ndi m'munsi mwa msana. Zimayabwa, nthawi zina zimang'aluka mpaka kutuluka magazi. Zikhadabo zimathanso kubooka timaenje kapena kukhuthala, ndipo odwala ena amadzamva kupweteka ndi kutupa m'mfundo.

Palibe kachilombo kamene kamayambitsa psoriasis, choncho sungamutengere kwa munthu pogwirana chanza, pogona mphasa imodzi, pobwerekana juzi kapena podyera mbale imodzi. Sabwera chifukwa chosasamba. Amayenda m'magazi a banja kwa anthu ena, ndipo amabuka kapena kukula munthu akakhala ndi nkhawa, akadwala zilonda za kukhosi, akavulala pakhungu, kapena kukazizira ndi kuuma. Ife a ku Mzuzu timadziwa mmene June ndi July amalumira, ndipo kwa ine imeneyo ndiyo miyezi imene khungu limavuta kwambiri. Mankhwala ochiziratu kulibe, koma ochepetsa alipo, ndipo munthu atha kukhala miyezi yambiri khungu lili bwino.

Komanso si matenda achilendo padziko. Mu 2014 msonkhano waukulu wa bungwe la zaumoyo la WHO unavomereza kuti psoriasis ndi nthenda yaikulu yosapatsirana, ndipo unatchula poyera vuto la kusalidwa kwa odwala. Mu 2016 bungweli linatulutsa lipoti lonena kuti anthu osachepera 100 miliyoni padziko lonse ali ndi matendawa. Pa 29 October chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira psoriasis. Koma funsani m'kalasi mwanu ndi angati amene analimvapo tsikuli.

Vuto lathu loyamba ndi dzina. M'makambirano a tsiku ndi tsiku, kaya pa Chichewa kaya pa Chitumbuka, simumva dzina la matendawa. Chinthu chikasowa dzina, anthu amachibwereka dzina la chinthu china chimene amachidziwa kale. Wina amati ndi zipere. Wina amati ndi mphere. Achikulire ena amanong'ona kuti khate. Ena amayang'ana n'kugamula mumtima kuti munthuyo ali ndi HIV. Ndipo sipalephera wina wonena kuti pali dzanja la munthu. Taonani mayina onsewa. Zipere ndi mphere zimapatsirana, khate limaopedwa kuyambira makedzana, HIV ili ndi tsankho lake limene sitinalithetse, ndipo ufiti umagawanitsa mabanja. Mwana wa Fomu 2 amasenza mantha a matenda onsewa pamodzi, pamene iye alibe ngakhale amodzi mwa iwo.

Ife ophunzira mbiri ndi mabuku tiyenera kudziwa kuti chisokonezochi ndi chakale. Kwa zaka mazana ambiri, ngakhale ku Ulaya, psoriasis ankasokonezedwa ndi khate. Dokotala wa ku England, Robert Willan, anafotokoza bwino maonekedwe ake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1841 Ferdinand von Hebra wa ku Vienna ndiye anasiyanitsa matenda awiriwa momveka. Akatswiri ambiri a Baibulo amanenanso kuti liwu la Chiheberi la pa Levitiko 13, limene timaliwerenga kuti khate, linkanena matenda osiyanasiyana a pakhungu. Tangoganizani anthu angati amene anatulutsidwa m'mudzi chifukwa cha nthenda imene sakanapatsira aliyense. Madokotala anasiyanitsa ziwirizi zaka zoposa 180 zapitazo, koma nkhaniyi sinafikebe m'mahositelo athu.

Pali chinanso. Zithunzi zambiri za psoriasis zimene mungapeze pa intaneti ndi za azungu, ndipo zigamba zake zimakhala zofiira. Pakhungu lakuda ngati lathu zimaoneka zotuwa, zoderako kapena zakuda kuposa khungu lozungulira. Zikapola zimasiya madontho akuda kapena oyererako amene amatha miyezi asanazimiririke. Choncho wachinyamata wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo akasakasaka pafoni, saona chofanana ndi khungu lake, ndipo amabwerera kukakhulupirira zimene anansi amuuza.

Tsopano ikani zonsezi pa msinkhu wa kusekondale. Imeneyi ndi nthawi imene munthu amadziyang'ana ndi maso a anzake. Kusukulu yogonera komweko kulibe kobisala. Mumasamba pamodzi, mumavala pamodzi, zofunda zimayanikidwa pa chingwe chimodzi. Malamulo amati tsitsi likhale lalifupi, ndiye kuti zigamba za m'mutu zili pambalambanda. Ine ndinkavala juzi ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo, ndipo pa masewera ndinkapeza chifukwa chokhalira m'kalasi. Ndinkasankha desiki lakumbuyo kuti pasakhale wina wondiona m'khosi. Mamba akagwera pa buku ndinkawapukuta msangamsanga ngati ndaba kanthu. Tsiku lina munthu wometa tsitsi anaima pakati pa ntchito, n'kundiuza pamaso pa anthu kuti makina ake sangagwiritsenso ntchito pa ena. Sananditukwane, anali ndi mantha chabe. Koma mawu amenewo anandipweteka kuposa kuyabwa kwa chaka chonse.

Mtengo wa zimenezi ndi waukulu kuposa mmene timaganizira. Mwana amene akuopa kukweza dzanja chifukwa chigongono chioneka, safunsa funso m'kalasi. Amene akuopa kuimirira kutsogolo salowa gulu la mtsutso kapena la zisudzo. Maganizo amene anayenera kupita ku mayeso a MSCE amathera pa kuwerengera kuti ndani waona, ndani sanaone. Ndipo poti nkhawa imakulitsa psoriasis, kusekedwa kumabweretsa zigamba zina, zigambazo zimabweretsa kusekedwa kwina. Madokotala amadziwa kuti anthu a psoriasis amadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kawirikawiri kuposa anthu ena. Mlembi wa ku America, John Updike, amene anakhala ndi matendawa kuyambira ali mwana, anapatula mutu wathunthu wa buku la moyo wake la mu 1989 kufotokoza nkhondo yake ndi khungu. Ngati munthu wotchuka chotero anavutika nazo mpaka ukulu, kuli bwanji mtsikana wa zaka 15 amene alibe womufotokozera?

Manyazi amathanso kuwononga thupi lenilenilo. Munthu wofuna kubisa msanga sapita kuchipatala, amathamangira kumsika. Pa mabenchi ogulitsa zodzola mumapezeka timachubu tolembedwa kuti toyeretsa khungu kapena tochotsa ziphuphu, ndipo tina mwa ito tili ndi mankhwala amphamvu a mtundu wa steroid. Ukadzola, zigamba zimaphwa m'masiku ochepa, iwe n'kumati wapeza chipulumutso. Koma mankhwala otere akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali popanda dokotala amapyapyalitsa khungu, ndipo ukawasiya mwadzidzidzi matenda amatha kubwerera ndi ukali woposa poyamba. Ena amapita kotemera, osadziwa kuti psoriasis amakonda kutuluka pamalo pamene khungu lavulazidwa, kotero mphini iliyonse itha kusanduka chigamba chatsopano. Ena amapala mamba ndi mwala wosambira mpaka magazi, pofuna kutsimikizira anthu kuti iwo si auve.

Wina anena kuti dziko lino lili ndi mavuto aakulu a zaumoyo, malungo, chifuwa chachikulu, amayi omwalira pobereka, ndiye za khungu loyabwa zidikire. Ndikumvetsa, ndipo sindikupempha kuti ndalama za mankhwala a malungo zipite ku mafuta odzola. Chimene ndikupempha n'chotchipa kwambiri. Ndi mphunzitsi wa Biology kapena Life Skills kutenga mphindi 10 kufotokoza kuti pali matenda a pakhungu opatsirana ndi osapatsirana. Ndi oyang'anira hositelo kudziwa kuti mwana wa mamba m'mutu afunika kupita naye kuchipatala, osati kumusamutsira bedi pakona. Ndi alangizi a zaumoyo m'madera kutchulako dzina la matendawa akamayendera mabanja.

Winanso anena kuti anthu sangasinthe, choncho ndi bwino wodwalayo angolimba mtima. Koma anthu amasintha, ndipo taziona ndi maso athu. Zaka za m'ma 1990 liwu loti Edzi linkanenedwa monong'ona, lero anthu amapita kukalandira ma ARV masana. Tsankho silinatheretu, koma lachepa chifukwa panali anthu amene anaphunzitsa m'sukulu, pa wailesi ndi m'matchalitchi mosatopa. Abale athu achialubino, kudzera m'bungwe lawo la APAM, akakamiza dziko lonse kumva kuti khungu lawo si tsoka kapena chizimba. Palibe amene anauza anthu amenewa kuti angodzikonda basi nkhani n'kutha. Kulimba mtima kwawo kunayendera limodzi ndi kuphunzitsa anthu ena.

Sindikunena kuti wodwala alibe mbali yake. Kwa mng'ono wanga amene akuwerenga izi ali ndi zigamba pansi pa malaya, ndikuuze zimene zinandithandiza ine. Choyamba chinali kumva dzina lenileni kuchokera kwa wachipatala wodziwa za khungu. Ukayambira kuchipatala chaching'ono n'kuona kuti mankhwala a zipere sakusintha kanthu, bwerera ukanene, ndipo upemphe kuti akutumize kuchipatala chachikulu monga Mzuzu Central Hospital. Chachiwiri ndi kudzola mafuta ofewetsa khungu monga Vaseline tsiku lililonse ukangomaliza kusamba, kupewa sopo waukali ndi kusakanda. Mankhwala ena monga a phula la malasha, a salicylic acid, a steroid odzola kapena mapiritsi a methotrexate kwa amene matenda akula, asiyire adokotala ndiwo akuuze mlingo ndi nthawi. Mfundo zikayamba kupweteka kapena kuuma m'mawa, usachedwe kukanena. Ndipo mtima ukalemera mpaka kusowa tulo kapena kudana ndi moyo, ku Mzuzu kuno kuli a St John of God amene ntchito yawo ndi thanzi la m'maganizo. Kupita kumeneko si misala.

Chachitatu chinali kukonzeratu yankho lalifupi. Munthu akandifunsa kapena kundiyang'anitsitsa ndimati, "Amatchedwa psoriasis, sapatsirana, ndili pa mankhwala." Anthu ambiri akamva zimenezi amamasuka, ena amafunsa zambiri, ena amatchula m'bale wawo amene ali ndi zofanana koma akhala akumumwetsa mankhwala a zipere kwa zaka. Komabe ndikufuna mumvetse kuti yankho limeneli ndalinena kambirimbiri, ndipo kutopetsa kwake n'kumene kwandichititsa kulemba nkhaniyi. Sichilungamo kuti mwana wa zaka 14 akhale mphunzitsi wa sukulu yonse pa nkhani imene akuluakulu anayenera kuidziwa.

Ambiri mwa ife amene tili pa Mzuni ndi m'makoleji ena tikamaliza tikakhala aphunzitsi, anamwino, atolankhani, abusa ndi makolo. Tikakumana ndi ana ovala juzi dzuwa likutentha, okana masewera popanda chifukwa chomveka, okhala kumbuyo kwa kalasi atawerama. Ena adzakhala ndi psoriasis, ena chikanga, ena madontho oyera a vitiligo, ena ziphuphu zimene ife timaziona zazing'ono. Musadzayambe ndi kumulalikira mwanayo kuti adzikonde. Mudzamuitane pambali, mumufunse mwaulemu ngati anaonana ndi achipatala, ndipo muthandize kuti apite. Kenaka mudzaime kutsogolo kwa kalasi yonse, osatchula dzina lake, mufotokoze kuti matenda ena a pakhungu sapatsirana. Mukadzamva wina akuseka, mudzamudzudzule pomwepo ngati mmene mungadzudzulire woseka mnzake wolumala. Ndipo pa 29 October pakubwerapa, ngati muli m'gulu lililonse la ophunzira, pemphani mphindi zisanu mutchule dzina la matendawa.