Chifundo chokha sichingabweze nangumi m'madzi

Pa 30 May 2009, anthu a ku Kommetjie, kufupi ndi Cape Town, anadzuka n'kupeza anangumi 55 ali pamchenga, akupuma movutika. Mbiri itamveka, anthu mazanamazana anakhamukira kugombeko, aliyense akufuna kuthandiza. Ankakankhira nyamazo m'madzi, koma zambiri zinkabwereranso kumtunda. Ena mwa othandizawo anavulala. Pomaliza akuluakulu a boma analamula kuti anangumi ambiri awomberedwe kuti asapitirire kuzunzika, ndipo anthu anabwerera kwawo akulira.

Sindikunena kuti khamulo ndi limene linapha anangumiwo. Nyanja inali itakalipa tsiku limenelo, ndipo ngakhale akatswiri okhaokha akanavutika. Koma nkhaniyi yandisiyira funso limene ndikufuna tikambirane, anzanga: kodi mtima wabwino ndi wokwanira pamene moyo uli pangozi? Ine ndikuti ayi. Munthu wofuna kupulumutsa nangumi kapena dolphin ayenera kuphunzira kaye, tsoka lisanagwe.

Maphunziro otere alipo kale. Ku New Zealand kuli bungwe la Project Jonah, lomwe linayamba mu 1974, ndipo ku Britain kuli la British Divers Marine Life Rescue, lomwe linakhazikitsidwa mu 1988. Mabungwe awiriwa amaphunzitsa anthu wamba, osati madokotala a zinyama okha. Ophunzira amayamba ndi kumva za thupi la nyamazi, kenako amapita kugombe kukayeserera pa zidole zazikulu ngati nangumi weniweni, zodzazidwa madzi kuti zilemere.

Chimene chandichititsa chidwi n'chakuti zambiri zimene amaphunzira n'zotsutsana ndi zimene mtima umatiuza. Mtima umati nyama ya m'madzi ikufuna madzi, choncho ithire chidebe chonse kumutu. Koma nangumi si nsomba. Ndi nyama yoyamwitsa, ili ndi mapapo, ndipo imapumira pa kabowo ka pamwamba pa mutu. Ukathira madzi kapena mchenga pa kabowoko, waitsamwitsa. Mtima umati igwire mchira uikokere kunyanja. Koma kukoka mchira kapena zipsepse kumaivulaza, ndipo mchira womwewo ukakumenya ukhoza kukuthyola nthiti. Akuluakulu anati chifundo chinaphetsa nkhwali. Pagombe chikhoza kuvulaza wothandiza ndi wothandizidwa yemwe.

Wophunzira amadziwa kuti mdani woyamba ndi kutentha. Mafuta a pansi pa khungu, amene amateteza nangumi ku madzi ozizira, pamtunda amamuwotcha, ndipo dzuwa limatukusira khungu matuza. Ndiye amamufunditsa nsalu zonyowa, osaphimba kabowo kopumira, n'kumathira madzi pang'onopang'ono. Amamugoneka chamimba n'kukumba timaenje kuti zipsepse zisapindike. Amadziwanso kuti nthawi si yake: m'madzi thupi limayandama, koma pamtunda kulemera kwake kumapsinja mapapo ndi minofu, ndipo minofu ikawonongeka imawononganso impso.

Phunziro lovuta kwambiri ndi kudikira. Anangumi a mtundu wa pilot whale amakhala m'magulu ogwirizana kwambiri. Ukabweza mmodzi yekha, akamva kulira kwa anzake amatembenuka n'kudzagonanso pamchenga. N'chifukwa chake othandiza amadikira madzi a m'nyanja akwere, amawagwedeza pang'onopang'ono m'madzi osaya mpaka matupi achoke dzanzi, kenako n'kuwamasula onse pamodzi. Mu February 2017, anangumi oposa 400 anatsakamira ku Farewell Spit, ku New Zealand, malo a mchenga wosaya kumene zoterezi zimachitika kawirikawiri. Ambiri anapezeka atafa kale. Otsalawo atabwezedwa, anthu anagwirana manja m'madzi n'kupanga mpanda kuti nyamazo zisabwerere kugombe. Khamu losaphunzira silingaganize zimenezo pa lokha, ndipo ngakhale litaganiza, ndani angamvere mnzake?

Ndikudziwa zimene ena anganene. Mu September 2020, anangumi pafupifupi 470 anatsakamira ku Macquarie Harbour, pa chilumba cha Tasmania ku Australia. Patatha masiku angapo anthu akugwira ntchito m'madzi ozizira, anapulumutsa 111 okha. Wina akhoza kufunsa kuti ndalama ndi nthawi zonsezo n'zachiyani ngati ambiri amafabe. Winanso anganene kuti anangumi akhala akutsakamira kuyambira kalekale, choncho tisiye chilengedwe chichite zake.

Mafunsowa ndi omveka, koma akuiwala chinthu chimodzi: anthu adzapita ndithu kugombe. Palibe boma limene lingaletse munthu kuthamangira nyama imene ikulira pamaso pake. Choncho nkhani si yakuti tithandize kapena tisathandize. Nkhani ndi yakuti khamu limene lidzafike lidzakhale ndi anthu odziwa chochita, kapena lidzakhale la ongokankhana ndi kujambula zithunzi. Komanso 111 si ochepa. Popanda anthu odziwa ntchito, mabwato ndi dongosolo, chiwerengerocho chikanachepa kwambiri.

Palinso phunziro lina limene sililembedwa pa satifiketi. Wophunzira amauzidwa poyera kuti si nyama iliyonse imene ingabwezedwe m'nyanja. Ina imakhala itadwala kale, ina yavulala mkati, ndipo kamwana kamene mayi ake afa sikangakhale kokha. Pamenepo chifundo chenicheni ndi kulola akatswiri athetse kuzunzikako. Munthu wosakonzekera amaona ngati nkhanza ndipo amalimbana ndi akatswiriwo. Wokonzekera amalira, koma amapatuka.

Ife ophunzira timawakonda mawu akuti kudzipereka. Timawalemba pa CV, timavala matisheti, timaika zithunzi pa Facebook. Zimenezo si tchimo. Koma kudzipereka kwa othandiza anangumi n'kosasangalatsa: kulipira maphunziro ndi ndalama za m'thumba mwako, kulembetsa nambala yako, n'kukhala mwina zaka osaitanidwa. Tsiku loitanidwa, ntchito yako ikhoza kukhala yotunga madzi ndi chidebe kwa maola ambiri, ukumvera malangizo a munthu wina. Ameneyo ndiye wodzipereka amene ndimamulemekeza.

Kwathu kuno kulibe nyanja yamchere, koma ena mwa ife tidzapezeka ku Cape Town, ku Durban kapena m'mphepete mwa nyanja ku Britain, pa sukulu kapena pa ntchito. Mukadzafika kumeneko n'kumva za maphunzirowa, kalembetseni. Ndipo mukadzaona dolphin ili pamchenga musanaphunzire, musaikankhire m'madzi. Imbirani foni odziwa ntchitoyo, thamangitsani agalu, uzani anthu achepetse phokoso, ndipo mutalikirane ndi mchira.