Wofuna Kuonetsa Zovala Tisamangomuletsa, Timuuze Zoona

Mtsikana wa ku Kasisi akatalika bwino n'kukhala ndi nkhope yogwira maso, anzake sachedwa kumuuza kuti akutaya nthawi kumudzi, apite ku Blantyre akakhale modelo. Akakatchula zimenezi kunyumba kapena kutchalitchi, yankho limakhala limodzi: "Zachikunja zimenezo, usadzazitchulenso." Ine ndikuona kuti yankho lotere ndi limene likuika ana athu pangozi. Mwana woletsedwa popanda kumufotokozera sasiya kulakalaka, amangosiya kufunsa akulu. Akatero amakafunsa pa Facebook, komwe akamberembere akudikirira.

Choyamba timuuze kuti imeneyi ndi ntchito, ndipo ndi yosiyana ndi mpikisano wa chiphadzuwa ngati Miss Malawi. Modelo amalembedwa kuti agulitse katundu wa mwini wake: kuvala zovala za okonza mafashoni ngati Lilly Alfonso, kuyenda pa zionetsero ngati Mzuzu Fashion Week, kapena kujambulidwa pa zikwangwani zotsatsa malonda. Msika wake kuno ndi waung'ono, ndipo ntchito imabwera mwa apo ndi apo. Wosiya sukulu asanalembe MSCE chifukwa cha zimenezi wataya nkhwangwa ndi mpini womwe.

Timuuzenso zofunika poyamba. Makampani akunja amafuna kuti mtsikana woyenda pa zionetsero atalike masentimita pafupifupi 175, koma otsatsa malonda salimbikira za msinkhu. Zithunzi zoyambira sizilira ndalama zambiri: foni yabwino, kuwala kwa dzuwa, chovala wamba ndi nkhope yosapaka kanthu. Mafuta oyeretsa khungu ndi osafunika. Alek Wek wa ku South Sudan, yemwe anamutulukira ku London mu 1995, anatchuka padziko lonse ali ndi khungu lake lakuda bii. Chimene chimavuta ambiri ndi kusunga nthawi, kuima maola ambiri osadandaula, ndi kukanidwa kambirimbiri. Wochokera ku Chikwawa awerengerenso thiransipoti yodutsa pa Thabwa kukwera mtunda wa ku Blantyre, chifukwa kokayesedwa umapita ndi ndalama zako.

Nkhani yaikulu ndi ya ejenti. Ejenti weniweni amadya pamene modelo walipidwa, nthawi zambiri K20 pa K100 iliyonse. Wofuna ndalama ntchito isanaoneke, kapena wopempha zithunzi zosavala pa WhatsApp, ameneyo ndi wakuba. Pakhale mgwirizano wolembedwa wonena malipiro, tsiku lolipira, ndi komwe zithunzi zikagwiritsidwe ntchito. Wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo a dziko lino, choncho kholo likhalepo. Wina akalonjeza ntchito kunja, tikumbuke amayi a ku Malawi oposa 50 omwe BBC inaonetsa mu 2024 kuti anapulumutsidwa ku Oman, komwe anapita atalonjezedwa ntchito zabwino koma n'kukazunzika m'nyumba za anthu. Lamulo loletsa kuzembetsa anthu tili nalo kuyambira 2015, koma lamulo silithandiza mwana amene wanyamuka mobisa.

Nanga chikhulupiriro? Apa tisanamizane. Zionetsero zambiri zimachitika Lachisanu usiku kapena pa Sabata, ndipo chovala amasankha ndi mwini ntchito. Halima Aden, Msilamu wobadwira kumsasa wa othawa kwawo wa Kakuma ku Kenya, analembetsa mumgwirizano wake kuti sadzavula hijabu. Komabe mu 2020 anasiya ntchitoyi ponena kuti inkamukokera pang'onopang'ono kutali ndi chikhulupiriro chake. Ngati munthu wotchuka chonchi anavutika kusunga malire ake, woyamba kumene adziwiretu kuti ntchito zambiri adzazikana, ndipo malirewo awanene asanasaine, osati atafika kale m'chipinda chovalira.

Ena anena kuti kufotokoza zonsezi ndi kulimbikitsa ana. Ine ndikuti ayi. Ambiri akamva zoona zake amabwerera okha, ndipo wopitiriza amapita maso ali otsegula, makolo akudziwa komwe ali. Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzakumana nalo funsoli m'kalasi, ndipo amayi a Dorika ndi akulu ampingo akukumana nalo kale. Mwana akabwera nalo, timukhazike pansi, timufunse amene wamulonjeza ntchitoyo, ndipo tiuwerenge naye limodzi mgwirizanowo.