Asiyeni anyamata a ku Ndirande alire Iron Man m'Chichewa

Chilengezereni mu Julaye 2024 kuti Robert Downey Jr. abwereranso m'mafilimu a Avengers, ulendo uno ngati Doctor Doom, mkangano sunathe m'maminibasi a ku Bangwe ndi m'malo ometera tsitsi ku Zingwangwa. Ena akusangalala, ena akwiya kuti munthu amene tidamulira maliro mu 2019 ali Iron Man akubwera atasanduka mdani. Mkangano umenewu ngwabwino. Chandikwiyitsa ine ndi kagulu ka anthu odzitcha odziwa mafilimu, amene akuti anyamata a m'malokeshoni atseke pakamwa chifukwa iwo adaonera Avengers yotanthauziridwa m'Chichewa ku vidiyo. Akuti sadamvepo kanthu. Akuti wotanthauzira adawanamiza. Mawu onyozawa ndi omwe amalimbitsa mtima akuluakulu a m'maofesi ena, amene nthawi ndi nthawi amadzuka n'kukalanda ma TV ndi masipika m'nyumba zoonetsera kanema ngati agwira mbava zoopsa.

Sadamvepo kanthu? Pitani ku Chilomoni mukamufunse mnyamata wogulitsa mayunitsi. Akuuzani kuti mu Infinity War ya 2018 Thanos adasonkhanitsa miyala isanu ndi umodzi, n'kukhwatchitsa zala, theka la zamoyo n'kusanduka fumbi, Black Panther ndi Spider-Man ali momwemo. Akuuzani chimene chidanenepetsa Thor mu Endgame, kuti udali mowa wa munthu wosweka mtima amene adalephera kuteteza anthu ake. Akuuzani chifukwa chimene Black Widow adadziponyera kuphompho, ndi momwe benchi yonse idaimirira Captain America atanyamula nyundo ya Thor. Endgame ndi filimu ya maola atatu, ya nambala 22 kuchokera pa Iron Man ya 2008, ndipo mnyamatayo adaitsatira yonse m'chipinda cha malata chotentha, jenereta ikulira panja. Inu mudaonera pa sofa foni ili m'manja. Ndani mwa awirinu adaimva filimu?

Ndipo pali china chimene iye adamva kuposa inu. Thanos amati anthu achuluka, chakudya chachepa, choncho theka lichoke kuti otsala akhute. Munthu wa ku Ndirande amene amadzuka m'bandakucha kukaima pamzere wa madzi, amene adagonapo pa depoti kudikira chimanga, safuna pulofesa womufotokozera mawu amenewa. Adawamvapo kale m'kamwa mwa anthu okhuta, amene njala ikavuta amathamangira kunena kuti osauka amabereka kwambiri. N'chifukwa chake mkangano woti Thanos adalakwa kapena ayi umatentha kwambiri m'malokeshoni. Anyamatawa amafunsana kuti akadakhala iwo, akadalola mayi awo asanduke fumbi kuti mnansi adye kawiri pa tsiku? Funso limeneli lidafika kwa iwo m'Chichewa, ndipo lidafika lonse.

Odziwawa amati wotanthauzira amaonjezera zake, amaika nthabwala pamene palibe nthabwala, amapatsa ngwazi mayina a kumudzi. Inde amatero, ndiye? Endgame yomweyi idatuluka ku India m'zilankhulo za Hindi, Tamil ndi Telugu, ndipo eni filimu ndi amene adalipira ntchitoyo. Ku France ndi ku Germany Iron Man amalankhula chilankhulo cha komweko. Palibe amene amati Mjeremani ndi mbuli chifukwa sadamve mawu enieni a Downey. Ku Kenya DJ Afro ndi dzina lodziwika dziko lonse, ku Uganda VJ Jingo ndi anzake adasandutsa kutanthauzira mafilimu m'Luganda kukhala ntchito yodyetsa mabanja. Koma Chichewa chikangolowa m'kamwa mwa Hulk, anthu athu omwe amagwira mphuno. Vuto lawo si filimu ayi. Vuto lawo ndi manyazi ndi chilankhulo chimene adayamwira.

Anthu omwewa mu 2018 adavala malaya a zitenje kukondwerera Black Panther, akunyadira kumva John Kani ndi Chadwick Boseman akulankhula Xhosa ku Wakanda. Chaka chotsatira Chiwetel Ejiofor adatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, ndipo dziko lapansi lidamva Chichewa pa Netflix. Pamenepo adaomba m'manja mpaka manja kufiira. Chilankhulo cha mu Africa chimawakomera chikadutsa kaye m'manja mwa azungu. Chikachokera kwa mnyamata wa ku Machinjiri wokhala ndi kompyuta yakale ndi maikolofoni imodzi, akuti n'chonyansa. Kumeneku ndi kudzida, ndipo asakubise m'mawu oti akuteteza luso.

Boseman atamwalira pa 28 Ogasiti 2020 ndi khansa ali ndi zaka 43, achinyamata a ku Bangwe adamva chisoni chenicheni, ngakhale ambiri a iwo adamudziwira kudzera mwa wotanthauzira. Kodi chisoni chawocho chidalinso chabodza?

Akatha mfundo amathawira ku malamulo, kuti mafilimuwa ndi obedwa. Chabwino. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo pali ofesi yodya malipiro pa ntchito imeneyi. Ofesiyo idaitanapo liti otanthauzirawa n'kuwauza njira yopezera chilolezo pa mtengo umene angaukwanitse? Kulanda sipika n'kosavuta, kukonza njira n'kumene kumafuna mutu. Akuti ana amajomba kusukulu, akuti nyumba zina zimaonetsa zolaula. Woonetsa zolaula kwa ana amangidwe lero lomwe, ndipo wolowetsa mwana wa yunifolomu nthawi ya sukulu alangidwe. Koma zimenezo zikukhudzana bwanji ndi bambo wa kabaza amene waweruka madzulo ndipo akufuna kuona Thanos akugonja m'chilankhulo chimene amamva?

Ndiuzeni, akaonere kuti? Ku Ndirande kulibe holo ya sinema, ku Bangwe kulibe, ku Machinjiri kulibe. Bando ya intaneti yoonera filimu ya maola atatu ndi ndalama ya ndiwo za banja lonse. Onyozawa sadamangepo holo, sadatanthauzirepo filimu ndi imodzi yomwe, sadagulepo ngakhale filimu ya Shemu Joyah kuti opanga mafilimu a kuno kwathu alimbe. Chimene amadziwa ndi kuseka katchulidwe ka mnzawo.

Doctor Doom akadzafika, adzalankhula Chichewa ku Ndirande pasanathe nthawi, ndipo anyamata adzakangana ngati Downey adawapereka kapena ayi. Ufulu umenewo ali nawo wonse. Amene akufuna kuwaletsa abwere poyera ndi dzina lake, akaime pamsika wa Ndirande masana, awauze anthu kumaso kuti Chichewa sichiyenera kulowa m'filimu.