Nsalu ya Machila Inapita, Mkeka Usatsatire

Alendo ambiri okonda ntchito zamanja akafika ku Blantyre amafunsa njira ya ku Bangwe, kumene kuli fakitale yoomba nsalu imene bungwe la MACOHA linakhazikitsa pofuna kupatsa ntchito anthu aulumali. Bungweli linasintha dzina mu 2024 ndipo tsopano ndi MACODA. Fakitaleyi inatchuka ndi makapeti, zikwama ndi nsalu zokoloweka pakhoma zokhala ndi zithunzi za moyo wakumudzi. Munthu akaona mmisiri akupingasa ulusi umodziumodzi mpaka chithunzi cha mayi wosinja chitaoneka, amagwira pakamwa. Ambiri amachokako akuganiza kuti kuomba nsalu ndi luso limene linabwera ndi Azungu, koma mbiri ikukana zimenezo.

M'chaka cha 1859 David Livingstone anayenda m'chigwa cha Shire, ndipo mu Seputembala anafika kumwera kwa nyanja ya Malawi, dera limene lero ndi boma la Mangochi. Pa ulendowo anapeza Amang'anja akulima thonje m'minda yawo, akulipota ndi manja, ndi kuomba nsalu zawozawo. Woomba, amene kawirikawiri ankakhala mwamuna, ankakhoma zikhomo pansi, n'kuyala ulusi m'litali, kenaka n'kumapingasa wina m'kati mwake. Ntchitoyi inkadya masiku ambiri, koma nsalu yake inali yochindikala ndi yolimba. Nsaluyi inkatchedwa machila, ndipo inkayenda pa malonda mpaka kuchigwa cha Zambezi. Dzina lomwelo ndi limene pambuyo pake linadziwika ndi chonyamulira chija ankanyamuliramo atsamunda ndi odwala.

Lero mwana wa sukulu akamva mawu oti machila amangoganiza za chonyamuliracho basi. Palibe mfumu kapena boma limene linaletsa kuomba. Nkhondo zogwira akapolo ndi njala ya mu 1862 ndi 1863 zinabalalitsa midzi ya m'chigwa cha Shire, ndipo amalonda ochokera kugombe la nyanja ya mchere anadzaza dziko ndi nsalu za kumafakitale, monga merikani wa ku America wodzera ku Zanzibar. Midzi ya mafumu Achiyao monga Mponda inali pa njira ya malonda amenewa. Nsalu yobwera inali yopepuka, yoyera ndi yosavuta kupeza. Anthu anasiya kufuna machila, woomba anasiya kuomba, ndipo mwana wake analibenso choti aonere. Lusolo linatha mwakachetechete.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Luso limene latsala m'manja mwa anthu a ku Mangochi ndi loluka mikeka, mphasa ndi madengu. Aliyense woyenda pa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Monkey Bay amaziona zitayalidwa m'mbali mwa msewu. Mkeka umayambira kutchire, kumene amakadula mlaza wanthete. Mlazawo amauyanika, kuung'amba timizere, wina n'kuunyika mu utoto, kenaka amaluka mizere italiitali imene pomaliza amaisoka pamodzi. Mphasa imachokera ku bango la m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, limene amaling'amba ndi kulisoka ndi chingwe. Mlendo akafika pakhomo amamuyalira mkeka, wopemphera amagwadapo, ndipo mkwatibwi amalangizidwa atakhala pomwepo. Pamaliro napo mphasa sisowa.

Mdani wa mkeka lero ndi mkeka wapulasitiki, umene wafika monga anafikira merikani. Ubwino wake ulipo ndithu: sudyedwa ndi chiswe, umatsukika ndi madzi, ndipo umapindika bwino. Mayi wosauka amene waugula sayenera kudzudzulidwa, pakuti wasankha malinga ndi thumba lake. Mlandu uli pa munthu wa galimoto amene amaima pamsewu, n'kuyamba kunenerera mkeka wa masiku ambiri mpaka woluka atalandira ndalama yosakwana ndiwo za madzulo. Munthu yemweyo akafika kuhotela ya kunyanja amalipira mbale imodzi ya chambo osatsutsa. Mtsikana amene waona mayi ake akunyozeredwa ntchito motero sadzafuna kuphunzira kuluka, ndipo palibe angamuimbe mlandu.

N'chifukwa chake adzukulu ofuna kuona malo a amisiri akale sayenera kuganiza kuti mpaka akwere basi ya ku Blantyre. Malowo ali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pamene gogo wakhala ndi mtolo wa mlaza pambali. Wokacheza apite ndi ulemu, apereke moni, akhale pansi, ndipo afunse dzina la kalukidwe kalikonse ndi amene anaphunzitsa gogoyo, pakuti safunsa anadya phula. Akafuna kujambula chithunzi ayambe wapempha. Pochoka agule kanthu pa mtengo umene mwini wake wanena.

Sukulu nazo zili ndi mbali yake. Mphunzitsi wa luso lamanja amene sadziwa kuluka asachite manyazi kuitana woluka wa m'mudzi kuti adzaime patsogolo pa ana, ndipo komiti ya sukulu imuthokoze ndi kangachepe. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, pa boma la Mangochi, imasunga mbiri ya nyanja ndi ya anthu ake. Kukanakhala bwino pabwalo pake pakanamapezeka woluka wamoyo, kuti ana aziona zala zikugwira ntchito. Woomba machila womaliza anamwalira popanda womufunsa kanthu. Oluka mikeka akadalipo, ndipo wowafunsa lero adzayankhidwa.